Wogogoda M'kati mwa Phiri

Zinayamba ndi kanthu kakang'ono, koti munthu wanzeru sangadzutsire nako mnzake: madzi a m'mbale ankanjenjemera okha.

Mbaleyo inali yachitsulo, yosupuka penti m'mbali, ndipo inkakhala pansi kumapeto kwa una woboola phiri, pamene okumba alekezera tsiku limenelo. Eni ake anali a Khutu. Palibe ankadyeramo kapena kusambiramo m'manja. Ntchito yake inali yoti kutsidya kwa phiri akamenya thanthwe ndi nyundo, madziwo azichita timizere, diso lione zimene khutu likukayika. Madzulo amenewo kutsidyako kunalibe munthu pa ntchito, makina onse anali atazima, koma Wailesi, wokankha wilibala, atabwerera mu unamo kukatenga jekete imene anaiwala, anapeza madzi akuchita timizere, n'kuleka, n'kuchitanso. Jeketeyo anaisiya komweko.

Zinali zaka zija mzinda usanadziwe mpopi wa m'nyumba, akazi akulawirira ndi ndowa ku zitsime zimene pofika masana zinkangotulutsa matope. Kampani inalemba anthu ambirimbiri kuti amange ngalande yotenga madzi ku mtsinje wa kuseri kwa mapiri mpaka kumzinda. Pachigwa anaikweza m'mwamba pa mlatho wa miyala, wa miyendo italiitali, umene mpaka lero umaoneka ngati ng'ombe zikuluzikulu zotsatana kupita kokamwa. Pamalo athyathyathya anangokumba ndi kuwaka. Koma panali phiri limodzi limene linakana kupatuka, ndipo popeza madzi sakwera mtunda ngakhale uwanyengerere bwanji, panalibe kuchitira mwina koma kuliboola. Gulu lina linayambira mbali ino, lina kutsidya, kuti akakumane pakati. Pa mapepala a mainjiniya njirayo inali ndi dzina lalitali. Okumba ankangoti una, ngati wa mbewa.

Amene anakhalako ku msasa umenewo sauiwala. Zisakasa zamalata zinali m'mizere, zotentha masana, usiku zozizira ngati mphuno ya galu. Munthu ankagona atatsamira nsapato zake, osati poopa akuba koma poopa obwereka. Fumbi la thanthwe linkayeretsa aliyense tsitsi, moti mwana wadzulo ndi nkhalamba ankaoneka a msinkhu umodzi, ndipo madzulo ankakhala pa mabenchi a panja pa kantini n'kumanamizana za akazi okongola amene akuwadikira kwawo. Ntchito inali yowawa, koma anthu ake ankadziwana ndi kutsokomola komwe. Lero pamalopo panamera tchire, ndipo otsala akakumana mumsewu amagwirana chanza nthawi yaitali.

Mainjiniya anali ndi zipangizo zawo zoyezera, ndipo sizinkanama. Koma wokumba sakhulupirira chinthu chimene sanachimve ndi thupi lake. Choncho poweruka, makina akazima, gulu lina linkagogoda thanthwe, lina n'kumvetsera, kenako n'kuyankha. Ndipo panali lamulo limodzi losalembedwa paliponse, limene ngakhale chidakwa cha pamsasa sichinkaliphwanya: pansi pa nthaka, kugogoda sikusiyidwa kopanda yankho. Kaya wagogodayo ndi mdani wako, kaya watopa, kaya sukumudziwa, uyankhe, chifukwa chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Womvetsera wa mbali ino anali a Khutu, wa kutsidya anali mng'ono wawo, Manzere. Anali ana a wokumba zitsime, ndipo anakula akugogoderana, wina pansi wina pamwamba. Kugogoda kwa Manzere kunkadziwika ngati mayendedwe a munthu wotsimphina: kawiri mothamanga, kenako kamodzi kochedwa, ngati nyundoyo yaiwala chimene imanena n'kudzakumbukira. Anthu ankati abale awiriwo amatukwanizana kudzera m'phiri, chifukwa nthawi zina a Khutu ankachotsa khutu pathanthwe akuseka okha, osauza munthu chimene amva.

Mvula itangoyamba, denga la una wa kutsidya linagwa. Onse anathawa kupatula Manzere, amene anali mkati mwenimweni. Panali paipi yachitsulo yopopera mpweya imene inkalowa mpaka kumene iye anali. Anzake anaigogoda, anaitaniramo masiku angapo, koma inangoti zii. Atayesa kufukula, phiri linagwetsanso miyala ina, pang'onong'ono kukwirira ofukulawo. Kampani inakhomera matabwa pakhomo pa una umenewo n'kuyamba wina chapatali pang'ono. Mkazi wa Manzere anauzidwa kuti abwerere kwawo, koma anakana. Anati sangachoke pamalo pamene mwamuna wake sanachokepo. Anatsala ku msasa wa kutsidya, akuchapira anthu zovala.

A Khutu sanalire pamaso pa anthu. Chimene chinkawadya chinali chimodzi: una ukadzatha, omanga adzauwaka ndi simenti, madzi adzayamba kuyenda, ndipo mng'ono wawo adzatsala m'phirimo mpaka kalekale, madzi a mzinda wonse akumudutsa pambali, wopanda manda oti munthu n'kuloza. Mvula inatha, udzu unauma, ndipo a Khutu anapitiriza kumvetsera kugogoda kwa munthu wachilendo amene anaikidwa pamalo pa mng'ono wawo.

Ndiye madzulo aja, pamene Wailesi anatulukira ku kantini wopanda jekete, maso ali tong'o, nkhani yake inapeza ogula msanga. Dzina lakelo analipata chifukwa analibe pozimitsira. Pofika m'mawa madzi aja anali atanjenjemera, pofika masana anali atawira, ndipo pofika madzulo mbale inali itayenda yokha kumutsatira. Kapitawo, munthu amene anagwirapo ntchito m'migodi ndipo sankadabwa ndi chilichonse kupatula munthu wofika msanga pa ntchito, anati phiri lililonse limadziwongola usiku likamazizira. Komabe anatuma munthu kutsidya kukafunsa ngati alipo amene amagogoda anthu ataweruka. Yankho linabwera loti wogogoda watsopano wa kumeneko akaweruka amagona tulo tofa nato, ndipo ngakhale masana amachita kumukumbutsa.

Anthu atagona, a Khutu anatenga nyali yawo n'kulowa mu una.

Mdima wa mu una suli ngati wa panja. Wa panja uli ndi nyenyezi, uli ndi agalu, uli ndi kamphepo kokukumbutsa kuti dziko likadalipo. Wa mu una ndi wolemera, umanunkha chinyontho ndi utsi wa mabomba ophwanyira miyala, ndipo nyali ya palafini imangoubowola kabowo kokwana munthu mmodzi. A Khutu anayenda mpaka kumapeto, anakhala pansi pafupi ndi mbale, anachepetsa lawi, n'kutsamiritsa khutu pathanthwe lozizira. Poyamba anangomva mtima wawo. Kenako dontho la madzi kwinakwake m'mbuyo, likugwa modekha ngati lili ndi usiku wonse. Anakhala choncho mpaka mwendo unachita dzanzi. Ndiyeno, kutali kwambiri, osati kutsogolo kumene una unkaloza koma chakumbali, chapansi pang'ono, kunamveka kawiri mothamanga. Madzi a m'mbale anachita timizere. A Khutu anagwira mpweya. Kamodzi kochedwa.

Munthu wina akanathawa. Koma a Khutu anali wokumba, ndipo dzanja lawo linatola nyundo mutu usanafunsidwe. Anayankha. Panapita kanthawi, kenako kuchokera komweko kunabwera kugogoda kwina, kofowoka, kosatsimphina, ngati kwa dzanja limene latheratu mphamvu. Watopa, anadziuza a Khutu. Anakhala pomwepo mpaka nyali inayamba kuphethira.

Kuyambira pamenepo katundu anayamba kusowa. Lero piki, mawa tchizulo, mkuja nsanamira zochirikizira denga, ndipo palafini ankatsika m'chigubu ngati chili ndi mkamwa. Wosunga katundu analumbira mpaka mawu kusasa. Ena ankanong'ona kuti Manzere akudzikumbira njira yotulukira, ndipo akubwereka zida osabweza monga ankachitira ali moyo. Ena ankati phiri limafuna mmodzi mbali iliyonse kuti sikelo ilingane, ndiye latenga kale wa kutsidya. Panali wokumba wina amene Lamlungu ankalalikira pansi pa mtengo kwa anthu okwanira pa benchi limodzi. Mwadzidzidzi anayamba kusowa mabenchi, ndipo iye mwini ankaoneka wodabwa kuti mapemphero ake ayankhidwa mwa njira imeneyo. Anyamata angapo analongedza matumba awo n'kunena kuti alandira uthenga wa matenda kwawo. Chaka chimenecho azimayi ambiri okalamba anadwala osadziwa.

Tsiku lina poweruka, makina atazima, gulu lonse lidakali mkati, kugogoda kuja kunamveka popanda munthu kuika khutu pathanthwe. Kawiri mothamanga. Aliyense anaima pamene anali, wina fosholo ili m'mwamba. Kamodzi kochedwa. Palibe anatchula dzina, koma panalibe amene sanakudziwe. A Khutu anadutsa pakati pawo, anatola nyundo, anayankha, n'kubwerera kukatenga chipewa chawo ngati ayankha moni wa pamsewu. Anthu anatuluka mu unamo mwaulemu kwambiri, aliyense akuyesetsa kuti asaoneke kuti akuthamanga ndiponso kuti asakhale womaliza.

Masiku amenewo a Khutu anali atayamba kuwonda. Maso anafiira, tsaya linalowa, ndipo m'manja mwawo munatuluka matuza atsopano, chinthu chodabwitsa pa munthu amene wakumba moyo wake wonse. Ankasinza atagwira kapu ya tiyi. Wailesi anaulutsa kuti akudyedwa pang'onopang'ono, ndipo anthu anayamba kuwasiyira benchi lonse.

Kapitawo ndi amene anatsata mzere wa tayala la wilibala umene unkathera pa mulu wa matabwa otsamira khoma la una, pamalo pamene wilibala inalibe chokachita. Atachotsa matabwawo anapeza bowo lokwana munthu wokwawa, lolowera chakumbali, chapansi pang'ono, lochirikizidwa bwinobwino ndi nsanamira zimene zinkasowa zija. Anabwezeretsa matabwa, ndipo usiku anakhala pa wilibala mumdima n'kudikira mpaka kuwala kwa nyali kunatulukira.

"A Khutu," anatero motsitsa mawu, "una uwu suli pa mapepala."

"Sunalembedwe, akapitawo."

"Mukudziwa kuti munthu sangakhale moyo miyezi yonseyi wopanda madzi, wopanda chakudya?"

"Ndikudziwa. Sindinanene kuti ali moyo. Ndikuti akugogoda."

Zimene zinatsatira zinali ngati malonda a ng'ombe. Kapitawo anayambira pamwamba: bowolo litsekedwe usiku womwewo, ndipo a Khutu alongedze m'mawa. A Khutu anati angathe kuchotsedwa ntchito, koma azibwerabe usiku, ndiye kampani idzakhala ndi wakuba m'malo mwa wantchito, bowo lili lomwelo. Kapitawo anatsikako, nati denga likawagwera, iye akauza chiyani akuluakulu, kuti phiri ladya awiri a mimba imodzi iye akuyang'ana? A Khutu anamuonetsa nsanamira, namufunsa ngati anaonapo zochirikizidwa bwino chotero mu una wa kampani. Kapitawo anayang'ana, nagwedeza imodzi, koma sinasunthe. Pomaliza a Khutu anangoti chibale ndi fupa, sichiwola, ndipo kapitawo, amene nayenso anali ndi mng'ono wake kwinakwake, anatulutsa mtengo wake womaliza. Omanga anali akubwera m'mbuyo ndi simenti yawo, akuwaka makoma a una. Tsiku limene adzafike pabowolo adzalitseka, kaya Manzere wapezeka kaya ayi. Mpaka tsiku limenelo maso a kapitawo akhala akuvuta. Koma a Khutu asalowenso okha.

Wopita nawo anasowa. Ndiye kapitawo anasankha Wailesi, nati amene anautsa nyama ndiye aithamangitse, komanso msasa upumeko usiku. Wailesi anatchula chifuwa, anatchula msana, anatchula mayi ake okalamba, koma kapitawo anati mayi amenewo anadwalitsidwa kale ndi ena. Madzulo ake anapezeka pabowopo atagwira nyali ndi manja awiri.

Anakumba usiku ndi usiku. A Khutu ankagona chammbali kutsogolo, akugogomola thanthwe ndi tchizulo, Wailesi akukokera miyala m'mbuyo ndi thumba. Mmenemo munali mopanikiza moti munthu ankamva mpweya wake ukubwerera kumaso. Wailesi ankalankhula monong'ona osalekeza, za mitengo ya nsapato, za mkazi wa ku kantini, za chilichonse chimene chikanatseka makutu ake. Koma nthawi ya kugogoda ikafika, ankangoti chete yekha. Kunkayamba kotsimphina kuja, a Khutu n'kuyankha, kenako kofowoka kuja n'kutsatira, ndipo usiku uliwonse kunkamveka pafupi kuposa dzulo lake.

Popuma, a Khutu, amene masana sankalankhula, nthawi zina ankayamba kukamba okha. Ankanena za bambo awo akuwatsitsira m'chitsime ndi chingwe, iwo ali m'ndowa yaikulu, kumwamba kukuchepa mpaka kukhala ngati batani la malaya. Ankanena mmene Manzere ankaimbira pansi pa chitsime chifukwa mawu ake, amene pamtunda anali ngati a chule, kumeneko ankamveka okoma. Ankanena za tsiku limene anapeza madzi koyamba paokha, Manzere n'kukwera atanyowa thupi lonse, akuseka, atanyamula madzi amatope m'chipewa kuti mkulu wake alawe. Anati kugogoda kotsimphinako kunayamba pamene nyundo inamuthyola chala ali mwana, ndipo chalacho chitapola anakana kusintha, nati tsopano ali ndi siginecha.

"Madala," ananong'ona Wailesi usiku wina, "tikakamupeza ataimirira, titani?"

"Timupatsa moni."

Masana palibe ankatchula za bowolo. Koma madzulo pa matabwa paja pankapezeka matchizulo onoledwa kumene, tsiku lina botolo la tiyi lokulungidwa m'sokosi, tsiku lina nsanamira zodulidwa kale pa muyezo wake. Wosunga katundu anasiya kulumbira, ndipo ankangoiwala kukhoma chitseko. Anthu omwewo amene ankaopa kukhala benchi limodzi ndi a Khutu ankafunsana chapansipansi kuti afika pati. Koma omanga nawo sankagona. Fungo la simenti yaiwisi linkayandikira tsiku ndi tsiku, mpaka madzulo ena matabwa awo otsekera simenti anafika poti munthu ali pabowopo akanatha kuwakhudza ndi fosholo. Kapitawo anadutsa pafupi ndi a Khutu, osawayang'ana, n'kunena kuti maso ake achira mawa m'mawa.

Usiku umenewo kugogoda kunayamba iwo asanamenye n'komwe. Kunali pafupi kwambiri moti fumbi linkayoyoka pathanthwe, ndipo a Khutu ankakumva m'mano. Kawiri mothamanga, kamodzi kochedwa. Sikunadikire yankho monga masiku onse. Kunabwereza, n'kubwerezanso, ngati munthu wotsekeredwa m'nyumba amene wamva mapazi pakhonde. Wailesi anali atatseka maso, milomo ikuyenda popanda mawu. A Khutu anapeza mng'alu ndi chala, anaikapo tchizulo, anamenya, anamenyanso, ndipo pomenya kena tchizulo inangolowa yonse n'kugwera mbali inayo. Pabowopo panatuluka mpweya wouma, wozizira, wonunkha ngati m'sutikesi yakale. Lawi la nyali linawerama. Kunamveka kawiri mothamanga. Anadikira. Kochedwa kuja sikunabwere.

Anakulitsa bowolo n'kukwawira mkati, a Khutu patsogolo. Munali ngati kachipinda. Mbali imodzi inali mulu wa miyala imene inagwa ija, kuchokera pansi mpaka kudenga. Panali wilibala yogudubuzika, fosholo, chigubu, zonse zofiira ndi dzimbiri. Pansi pa mulu wa miyalayo pankatuluka paipi ya mpweya ija, kukamwa kwake kuli yasa. Ndipo pambali pake, atatsamira khoma, panali Manzere. Anali atauma, zovala zikumukulira, chipewa chidakali kumutu, mutuwo utapendekera ku paipi ngati wa munthu amene akumvetsera. Nyundo inali pamiyendo pake, pansi pa dzanja lamanzere.

A Khutu anagwada patsogolo pake, namuyang'ana nthawi yaitali. Anamukonza kolala ya malaya.

"Iwe," anatero, "wandivutitsa."

Pomwepo paipi inalira. Kunali kugogoda kofowoka kuja, kosatsimphina, koma tsopano kunkamveka m'kachipinda monsemo, chitsulo chikunjenjemera pafupi ndi bondo la wakufayo, dzanja lake lili duu. Wailesi anakhala pansi pomwe anali. A Khutu anawerama pang'onopang'ono n'kuika khutu pakamwa pa paipiyo. Anamva mphepo. Anamva tizilombo ta usiku tikulira, ndi galu akuuwa kutali. Kenako anamva munthu akufwenthera.

"Ndani ali uko?" anafunsa m'paipimo.

Kunamveka mwala ukugwa pansi. Kenako mawu a mkazi, aang'ono, onjenjemera, anabwera kudzera m'chitsulomo.

"Abambo, ndinu?"

"Ayi, alamu. Ndine."

Mkazi wa Manzere analira kaye, ndipo kulirako kunkafika kopyapyala ngati kwa mwana wa mphaka. Atatonthola anafotokoza. Anati chithere mvula wakhala akupita usiku kukakhala pakhomo la una wakale, kuseri kwa matabwa aja, kumene kusapita munthu, pakuti analibe manda oti akakhalepo. Paipi inkatulukira pomwepo. Usiku wina inagogoda. Mwamuna wake anamuuza kalekale, asanakwatirane n'komwe, kuti pansi pa nthaka kugogoda sikusiyidwa kopanda yankho, ndiye anatola mwala. Sanauze munthu, poopa kuti anena kuti wapenga n'kumukweza lole yopita kwawo.

Wailesi anayamba kuseka, poyamba chamumtima, kenako mapewa onse akugwedezeka. Msasa wonse wa amuna a ndevu zawo, othyola mapiri, kusowa tulo chifukwa cha mayi wochapa zovala ndi mwala wake! Anakumbukira mlaliki ndi mabenchi ake, anakumbukira anyamata amene anathawa, ndipo ankaoneka kuti wayamba kale kukonza mmene akaikambire nkhaniyo ku kantini, ndi pamene akadziikepo iye mwini. Koma a Khutu sankaseka.

"Alamu, tagogodani mmene mumagogodera."

Paipi inalira mofowoka, mosatsimphina.

"Nanga kuja kothamanga kawiri, kenako kochedwa?"

"Kuja si kwanga. Ine sinditha, ndinayesapo. Ine ndimangoyankha." Mawuwo anaima, kenako anabweranso motsika. "Si inu kodi, alamu?"

"Inenso ndimangoyankha."

Kuseka kwa Wailesi kunathera pomwepo. A Khutu anamulanda nyali n'kuiyandikitsa pamiyendo ya mng'ono wawo. M'kachipindamo chitsulo chilichonse chinali chitadyedwa ndi dzimbiri, ngakhale lamba wa wakufayo. Koma nkhope ya nyundo inkawala ngati supuni yotsukidwa kumene. Ndipo pa paipi, pafupi ndi bondo lamanzere, panali kamalo kamodzi kophwanyika pang'ono, koyera mbee, kopanda ndi fumbi lomwe.

Mphepo inkalira pang'ono m'paipimo. Kenako a Khutu anasolola nyundo yawo m'lamba, n'kugogoda paipiyo mmene ankagogodera poweruka zaka zonse zija, kuuza wa kutsidya kuti zalero zatha, tiyeni tikapume. Kutali, mwala wa mlamu wawo unayankha. A Khutu anatsamiritsa khutu pachitsulocho n'kudikira. Anadikira mpaka lawi la nyali linayamba kuchepa, mpaka Wailesi anamva mano ake akugundana. Mng'ono wawo anali pomwepo, pafupi moti mapewa awo ankakhudzana, nyundo ili pamiyendo, koma yankho silinabwere. Apo ndi pamene a Khutu analira, mwakachetechete, chipumi chili pa paipi, ngati uthenga wa maliro wangowafika kumene.

Atapukuta maso analankhulanso m'paipimo, nauza mlamu wawo kuti apite akagone, m'mawa avale bwino, akubwera ndi mwamuna wake. Anamukulunga Manzere m'bulangeti limene ankafunda popuma. Anali wopepuka ngati mtolo wa mapesi, ndipo a Khutu anakana kuthandizidwa. Atafika pabowo lotulukira, Wailesi, amene anatsalira m'mbuyo ndi nyali, anaitana monong'ona.

"Nanga nyundoyi, madala?"

A Khutu anatembenuka. Inali pansi pamene anaiika pomunyamula, pafupi ndi paipi, ikuwala. M'mawa omanga adzatseka bowolo ndi simenti, ndipo sipadzalowanso munthu.

"Tenga," anatero. "Tikaisiya muno, alamu sadzagonanso."

Wailesi anavula malaya ake, naikulunga bwinobwino kuti isagunde mwala uliwonse panjira, ndipo anakwawa nayo ataifungatira pachifuwa ngati mwana amene wangogona kumene.